Mutu 7: Chala cha Amayi pa Kalata ya Kukhoti

1. Alembi

Mumdadada wa nyumba za lendi umene ankakhala, mtsikanayu aliyense ankamutchula kuti Alembi. Dzinali anamupatsa ndi mchimwene wake, kale ali Sitandade 5, tsiku limene analembera amayi awo kalata yoyamba yopita kwa bambo, amene anapita kukagwira ntchito kutali osabwerako. Linali dzina lachipongwe, koma linamukakamira mpaka aphunzitsi a Fomu 3 omwe ankamuitana choncho.

Amayi ake sankadziwa kulemba kapena kuwerenga. Ntchito yawo inali yochapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo pantchito imeneyo panalibe wowaposa. Koma pepala likabwera m'nyumba, kaya la kuchipatala kaya la kusukulu, ankaligwira ndi nsonga za zala ngati likutentha, n'kulipanikiza pansi pa wailesi kuti lidikire Alembi.

Anthu oyandikana nawo ankabweranso kuti awalembere. Ndipo tisamubisire, mtsikanayu anali ndi kachizolowezi kena. Munthu akanena mawu ouma, iye ankawathira mchere. Wina akati alembe kuti wakwiya, iye ankalemba kuti mtima wake wasweka. Akamaliza ankawerengera mwini kalatayo mokweza, mwiniyo n'kugwedeza mutu kuti mwana uyu adzafika patali. Palibe amene anamudzudzulapo, choncho anakula akuganiza kuti mawu a anthu ndi nsalu ndipo telala ndi iyeyo.

Mchimwene wake uja anali wowotcherera zitsulo m'kashedi ka m'mbali mwa msewu waukulu. Pafupi pake panali kashedi ka mnyamata wina womata matayala, amene anthu ankangomuti Wamatayala. Awiriwa ankakoka magetsi ndi chingwe chimodzi, ndipo masana ankamwera tiyi m'kapu imodzi. Tsiku lina anakanganirana chingwecho. Uyu ankafuna kumaliza geti, uyo ankafuna kupopa tayala la lole imene dalaivala wake ankangoliza hutala. Anatukwanizana. Wamatayala anatola chitsulo chochotsera matayala n'kumenya kamodzi kokha, pamutu. Mchimwene wa Alembi anamwalira asanafike naye kuchipatala.

Mlandu unatenga zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Lero woweruza wadwala, mawa mboni sinabwere, mkuja fayilo sikuoneka, bwerani mwezi wamawa. Amayi anathera nsapato ziwiri panjira ya kukhoti. Misozi inawathera chaka choyamba chomwecho, ndipo chimene chinatsala m'nyumbamo kunali kutopa kokhakokha, kotopetsa ngakhale kudzuka m'mawa.

Kenako woweruza anagamula kuti Wamatayala ndi wolakwa pa mlandu wakupha munthu. Anati malamulo akumulola kusankha chilango, kaya kunyongedwa kaya ndende, koma asanasankhe akufuna kumva kaye za kumtima kwa mayi wa malemuyo. Mayiyo alembe kalata, ifike kwa kalaliki wa khoti pasanakwane 12 koloko masana Lachisanu.

Ali panjira yobwerera kunyumba, amayi anangonena chinthu chimodzi, kuti Alembi agule pepala labwino, osati long'amba mukope.

2. Mawu a Malume

Lamlungu masana kunabwera malume, mchimwene wawo wa amayi, dalaivala wa basi ya maulendo aatali. Anali munthu wamkulu thupi, ndipo akakhala pampando umodzi wokha wa m'nyumbamo ena onse ankayenda chammbali. Malemu uja ankamukonda ngati mwana wawo. Sipanala yoyamba imene mnyamatayo anagwira m'manja inali ya malumewo.

Tiyi anakana. Anaika makiyi a basi patebulo n'kulankhula ndi amayi, amene ankasita malaya a mwini golosale.

"Achemwali, mundimvere bwino, chifukwa mawa ndinyamuka ndipo ndibwerako Lachinayi. Amene anakatenga mwana uja kunyumba yachisoni ndine. Inu mutu wake simunauone, ndinakuletsani dala. Ine ndinauona, ndipo mpaka lero ndikamayendetsa basi umandibwerera pagalasi. Tsono munthu asandiuze za chifundo. Chifundo chinali kuti pamene ankakweza chitsulo chija? Akuti anali atapsa mtima. Ine ndimapsa mtima tsiku lililonse pamsewu. Anthu amanditukwana mpaka kutchula amayi athu amene ali m'manda, koma sindinagundepo munthu dala. Mkwiyo tonse tili nawo. Amene walephera kuugwira abweze chimene watenga.

"Akangopita kundende azikadya, azikagona, amayi ake azikamuona Lamlungu lililonse. Nanga inu muzikaona chiyani? Mulu wa dothi. Pakadzatha zaka khumi wina adzati mnyamatayu wasintha, atuluke, ndipo mudzakumana naye pamsika akusankha tomato. Komanso musaiwale kuti anyamata onse a pamsewu paja akuonerera. Akadzaona kuti ukapha mnzako umangokhala zaka zingapo ukudya zaulere, mawa wina adzatola nyundo. Chingwe chonyongera n'chowawa, sindikukana. Koma chimaphunzitsa otsala."

Amayi anatembenuza malaya, n'kuwaza madzi pakolala, n'kupitiriza kusita.

Malume anatembenukira kwa Alembi n'kumufunsa ngati wamva. Mtsikanayo anati wamva, ndipo sikuti anangoyankha mwaulemu chabe. Mawu onsewo anali ake ndithu, kungoti anatulukira pakamwa pa munthu wina. Kwa zaka ziwiri ankadutsa pakashedi kaja popita kusukulu ndi pobwera, ndipo tsiku lililonse ankalakalaka Wamatayala atafa.

Malume anatola makiyi awo. Ali pakhomo anauza amayi kuti asachititse banja manyazi pamaso pa woweruza, ngati kuti mwana amene anafayo analibe abale.

3. Mawu a Amayi

Lachitatu Alembi ataweruka kusukulu anapeza tebulo litapukutidwa theka. Mbali ina panali bulangete lositirapo ndi mulu wa mayunifolomu a ana a eni ake, mbali inayo amayi anamusiyira malo a pepala. Anati sangathe kulankhula atangokhala, choncho azisita uku akunena.

"Lemba kuti ine ndine mayi wa malemu. Lemba kuti anali mwana wanga wachisamba. Chogwirira cha simbi iyi chinathyoka katatu, ndipo katatu konse anachiwotcherera ndi iye. Ukachiona apa pali chipsera cha ntchito yake. Lembanso kuti mnyamata uja sindinamukhululukire. Pamenepo usadumphe. Sindinamukhululukire, ndipo sindikudziwa ngati ndidzathe. Ndikamuona ataima mukhoti muja, mtima umandiuza kuti ndikamulavulire kumaso."

Mpaka apa cholembera chinkayenda bwinobwino. Amayi anaimika simbi, n'kupukuta thukuta ndi mkono.

"Koma lemba kuti asamunyonge."

Cholembera chinaima. Alembi anafunsa ngati wamva bwino, n'kuwakumbutsa zimene malume ananena. Amayi anati malume anena zawo ndipo iwo anamva, koma woweruza wafunsa mayi, sanafunse malume.

"Ndatopa nayo imfa, mwana wanga. Zaka ziwiri ndakhala pabenchi imodzi ndi amayi ake a mnyamata uja, iwo kumapeto uko, ine kumapeto kuno. Sitinapatsanepo moni. Koma ine ndimadziwa zovala. Diresi yawo yabuluu ija aibweza m'chiuno kawiri, ndipo panopa ikuwakhuthukanso. Ine ndikudziwa kulemera kwa bokosi la mwana. Sindikufuna kuti chala changa chisenzetse mayi wina katundu ameneyo. Akamunyonga, achimwene ako sadzagogoda pachitseko apa. Kudzangokhala manda awiri, ndipo achiwiriwo ndidzakhala nditakumba nawo ine.

"Akhale m'ndende. Akalambire momwemo. Azidzuka m'mawa uliwonse akukumbukira kuti anapha munthu amene ankamwa naye tiyi, chifukwa cha chingwe cha magetsi. Wakufa sakumbukira kanthu. Malume ako akuti chingwe cha khoti chimaphunzitsa otsala. Mwina n'zoona, ine sindinaphunzire. Koma mnyamata uja pokweza chitsulo sanaime kaye kuti afunse kuti chilango chake n'chotani. Lemba choncho, m'mene ndanenera."

Alembi anaweramira papepala atakwiya. Zinamupweteka kuti amayi akuyeza m'chiuno mwa mayi wa chigawenga pamene mwana wawo ali m'dothi. Anadziuza kuti amayi atopa chabe, kuti akanakhala ndi mphamvu akananena zina, ndipo kuti ntchito ya mlembi ndi kukonza pamene mwini mawu wafooka. Bodza likafuna kulowa m'nyumba limavala malaya abwino chonchi.

Analemba kuti, "Choncho ndikupempha bwalo kuti munthu ameneyu alandire chilango cha imfa. Anatenga moyo, abweze moyo. Chingwe n'chowawa koma chimaphunzitsa otsala. Mtima wanga sudzapuma mpaka atanyongedwa."

Atamaliza, amayi anamuuza kuti awerenge, monga mwa nthawi zonse. Mtsikanayu mutu wake unali wakuthwa. Anayang'ana papepala, chala chikutsata mizere, koma m'malo mowerenga zimene analemba anabwereza mokweza zonse zimene amayi ananena, za diresi yabuluu, za manda awiri, osaphonya ndi liwu limodzi lomwe. Amayi ankagwedeza mutu. Pomaliza anati ndi momwemo, ndipo anamuyamikira kuti lero sanathiremo mchere wake uja.

Kenako anatambasula dzanja. Alembi anagwira chala chawo chachikulu n'kuchipaka inki ya bolopeni mpaka chinada. Sopo wa zaka zambiri anali atafafaniza mizere ya pachalacho, moti anachita kudinda kawiri kuti chioneke. Amayi anakanikiza ndi mphamvu zawo zonse, kenako anakasamba m'manja kuti asadetse mayunifolomu a anthu.

4. Benchi

Lachinayi Alembi sanapite kusukulu. Amayi anati apereke kalatayo kudakali tsiku limodzi, chifukwa khoti ili anali atalidziwa, ukhoza kufika Lachisanu n'kupeza kalaliki wapita kumaliro.

Anayenda wapansi. Anadutsa pamashedi paja, pamene tsopano munthu wina ankagulitsirapo mabaketi apulasitiki. Kachidutswa ka chingwe cha magetsi chija kanali kakulendewerabe pamtengo wa denga. Amayi anayang'ana kutsidya lina la msewu monga ankachitira nthawi zonse. Envelopu inali m'chikwama cha Alembi, pakati pa buku la masamu, ndipo ankangoigwiragwira ngati ingathawe.

M'khonde la khoti munali fungo lomwe lija la polishi ndi thukuta. Pabenchi yaitali, kumapeto kwake, panakhala mayi wa diresi yabuluu, kathumba ka buledi kali pamiyendo. Linali tsiku lobweretsa akaidi, ndipo ankadikira kuti mwina amuone mwana wake akutsika m'galimoto. Alembi sanafune kuyang'ana, koma maso alibe mpanda. Anaona m'chiuno mwa diresiyo mizere iwiri ya ulusi wakuda, yosokedwa pamanja.

Anadikira maola awiri. Amayi anawodzera atatsamira khoma, chala chawo chili chodabe m'mbali mwa chikhadabo.

5. Lamulo la Kalaliki

Kalaliki anali bambo wachikulire wa magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi. Ofesi yawo inali yodzaza mafayilo mpaka pawindo. Analandira envelopu, n'kutulutsa pepala, n'kuyang'ana pansi pake. Ataona chala m'malo mwa siginecha anafunsa kuti walemba ndani. Amayi anayankha monyadira kuti ndi mwana wawo, wa Fomu 3, amene amalembera mdadada wonse.

Kalaliki anatseka chitseko n'kuwauza kuti akhale pansi.

"Ndagwira ntchito muno zaka makumi atatu ndi chimodzi. Pepala losainidwa ndimangolandira. Koma pepala la chala ndimaliwerenga ndekha mokweza, mwini chala ali pomwepo. Lamulo limeneli simulipeza m'buku, ndi langa. Nditangoyamba ntchito ndinalandira pepala la gogo wina, lolembedwa ndi mdzukulu wake, chala chili bwinobwino. Patapita miyezi gogoyo anabwera akulira kuti amutulutsa m'nyumba yake. Iye ankaganiza kuti anadinda kalata yopempha kuti amukonzere denga. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Nyumba ija inabwezedwa patatha zaka zinayi, chifukwa nyumba imabwezedwa. Koma pepala ili likunena za khosi la munthu, ndipo madzi akatayika saoleka. Woweruza sadzaona mtima wanu, amayi. Adzaona pepala.

"Ndipo iwe mwana, sindikukuganizira choipa, ndimauza aliyense. Wolemba bodza pamwamba pa chala cha munthu wina ali ndi mlandu wakewake. Ndaonapo ana ovala yunifolomu akutsika masitepe awo ndi wapolisi kumbuyo, sukulu n'kuthera pomwepo. Ngati pali choti unene, nthawi yake ndi ino."

Alembi anayang'ana nsapato zake.

Kalaliki anakonza magalasi n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a munthu amene wawerenga zowawa zambiri mpaka zinasiya kumudabwitsa. Anawerenga za mwana wachisamba, za chogwirira cha simbi, za kusakhululuka. Amayi ankagwedeza mutu. Kenako anafika pa chilango cha imfa, pa moyo wobweza moyo, pa chingwe chophunzitsa otsala.

Mutu wa amayi unasiya kugwedezeka. Sanatembenuke kuti ayang'ane mwana wawo. Anangoyang'ana chala chawo chakuda chija, nthawi yaitali.

Kalaliki anafunsa ngati amenewo ndi mawu awo.

Alembi anaona amayi akuyang'ana chitseko, kumene kunali masitepe aja, kenako yunifolomu yake imene anaisita okha m'mawa womwewo kuti akaoneke bwino kukhoti. Paja nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

"Ee, bambo," anatero amayi ndi mawu otsika. "Ndi mawu anga. Landirani."

Kalaliki anatambasula dzanja kuti atenge chidindo.

"Si awo," anatero Alembi. Mawuwo anatuluka osasa, ndipo anachita kubwereza. "Si mawu awo. Ndi anga. Amayi anati asanyongedwe. Ndinalemba zina, n'kuwawerengera zina."

Amayi anayesa kumuletsa, kuti mwanayu wasokonezeka ndi njala, sanadye m'mawa. Koma Alembi anali atayamba kulira, kulira kwaukali, ndipo zonse zinakhuthuka. Anati iye akufuna Wamatayala afe. Anati achimwene ake anamulonjeza kuti adzamuwotcherera shelefu ya mabuku ndipo zitsulo zake zikadali kuseri kwa chitseko. Anati palibe amene anamufunsapo iye, ngati kuti mlongo saferedwa.

Kalaliki anamusiya mpaka anamaliza. Kenako anatenga kalatayo, n'kujambula mizere iwiri yopingasa kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuiika m'dirowa. Anati pepalalo silinadindidwe chidindo cha khoti ndipo silinafike kwa woweruza, choncho wapolisi saitanidwa, koma m'dirowamo silichoka. Anatulutsa mapepala awiri oyera, n'kuwadinda chidindo cha khoti pakona.

"Ili ndi la amayi ako. Ulembe pano ine ndikumva, liwu ndi liwu, mopanda kukometsa. Ili ndi lako. Wanena zoona kuti nawenso unaferedwa, ndipo woweruza sakana kumva mlongo wa malemu. Sindikuuza choti ulembe. Ine ndaona amayi amene anapempha chingwe n'kumagona tulo tabwino, ndaonanso ena amene anabwera patapita zaka kudzandifunsa ngati pepala lawo lingabwezedwe. Ngati ukufuna kuti munthu uja anyongedwe, lemba. Koma ulembe ndi dzanja lako, usaine dzina lako lenileni, osabisala kuseri kwa chala cha amayi ako. Kupempha imfa ya munthu si ntchito yotumira wina."

Amayi ananenanso mawu awo onse, pang'onopang'ono, manja ali pamiyendo chifukwa panalibe simbi yoti agwire. Alembi analemba. Kalaliki anawerenga mokweza, amayi anavomera, n'kudinda chala ndi inki ya muofesimo.

Kenako Alembi anakokera pafupi pepala lachiwiri. Analemba deti. Analemba kuti, "Ine mlongo wa malemu." Mawu aja anali nawo onse m'mutu, dzulo lomweli anatsetsereka okha ngati madzi. Koma lero pansi pa pepalalo panali malo a dzina lake, ndipo kuseri kwa khoma la ofesiyo kunali benchi ija. Cholembera chinangoima pamzere wachiwiri mpaka inki inapanga kadontho.

Kalaliki anayang'ana wotchi n'kunena kuti iwo akupita kukadya. Anamuuza kuti alitenge pepalalo. Akafuna alibweretse mawa isanakwane 12 koloko, akapanda kufuna alisunge.

6. Pageti

Potuluka anadutsanso pabenchi paja. Mayi wa diresi yabuluu anali pomwepo ndi buledi wake. Amayi anadutsa osapereka moni, monga mwa masiku onse.

Pamasitepe Alembi anayesa kupepesa. Amayi anati amva. Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anatsika masitepe atatu n'kuima.

"Ine maso ndilibe, mwana wanga. Maso anga ndiwe. Tsono undiuze chinthu chimodzi. Makalata aja tinkalembera bambo ako zaka zonse zija, unkalemba zanga kapena zako?"

Alembi anakumbukira mchere wonse umene anathira. Anakumbukira tsiku limene amayi anati alembe kuti ana akudwala, abwere msanga, iye n'kulemba kuti tonse tili bwino koma takusowani kwambiri, chifukwa zinkamveka bwino choncho, ndipo powerenga ananena za kudwalazo ngati zilimo.

"Zambiri zinali zanu," anayankha.

Amayi anagwedeza mutu kamodzi, n'kupitiriza kutsika. Sanamupatse chikwama chawo kuti awanyamulire monga ankachitira masiku onse.

Kunja kwa geti, malume anali atatsamira mpanda, akadali mu yunifolomu ya kuntchito, maso ofiira ndi ulendo wautali. Anali atangotsika basi n'kubwera molunjika. Anafunsa ngati kalata yaperekedwa.

Amayi anati yaperekedwa, ndiponso kuti apempha woweruza kuti mnyamata uja asanyongedwe. Ananena akuyenda, osachepetsa liwiro, n'kulowera kumsewu.

Malume anavula kapusi, n'kupukuta nkhope, n'kuivalanso. Alembi anali asanawaonepo akuoneka okalamba chonchi. Kenako maso awo anagwera papepala limene linali m'manja mwake, ndi chidindo cha khoti pakona. Analitenga, n'kuwerenga mzere umodzi uja, n'kufunsa kuti n'chiyani. Alembi anali atatopa nalo bodza tsiku limenelo, choncho anawauza zoona, kuti ndi lake, ndipo lili ndi mpaka mawa masana.

Malume anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa bolopeni yawo ya kuntchito. Analiyala pepalalo pachipilala cha geti, n'kulisalaza ndi chikhatho.

"Ndiye kuti achimwene ako atsala ndi munthu mmodzi wowalankhulira," anatero motsitsa mawu. "Gwira."

Alembi anayang'ana kumsewu. Amayi anali atafika kale pamphambano, okha, ndipo sanacheuke.